Gulu lathu la Linux ku Kasungu linazirala, tilidzutse bwanji?

FUNSO

Zikomo bambo a tsamba la zamakompyuta,

Ine ndine mphunzitsi wa Computer Studies pasukulu ina yoyendera kufupi ndi pa boma kuno ku Kasungu. Zaka zapitazo tinali ndi kagulu ka anthu okonda Linux (pulogalamu yoyendetsa kompyuta, monga Windows) ndi mapulogalamu ena a open source, amene aliyense ali ndi ufulu wowakopera ndi kuwasintha. M'gulumo munali aphunzitsi, anyamata okonza mafoni ndi malaputopu kumsika, kalaliki wina wa kuchipatala, komanso ana a kukoleji amene ankabwera akatsekera. Tinkakumana Loweruka, kubwerekana mafulashi ndi kuphunzitsana. Mkulu amene anayambitsa gululi anapeza ntchito ku Lilongwe, posakhalitsa kunagwa Covid-19, ndipo kuyambira pamenepo sitinakhalenso pansi limodzi. Pa WhatsApp mayina alipo ambiri ndithu, koma zimene zimabwerapo ndi mauthenga a maliro, makhadi a ukwati ndi malonda. Ndikuganiza zoitanitsa msonkhano waukulu kuti tisankhe komiti yatsopano, tilembe malamulo, kenako tilembere mabungwe kupempha thandizo la ndalama. Kodi njira imeneyi ndi yabwino? Nanga mkulu wa ku Lilongwe uja, amene mpaka lero ndiye admin ndipo pulojekita ya gulu ili kwa iwo, ndiwalankhule bwanji kuti asaone ngati ndikuwalanda mpando?

Mphunzitsi, Kasungu

YANKHO

Aphunzitsi, kalata yanu yandikhudza chifukwa inenso kwathu ndi konko, mbali za ku Chamama, ndipo ndikudziwa mmene zimapwetekera kompyuta ikakana kuyaka iwe ulibe woti umufunse, kupatula kukwera minibasi ya ku Lilongwe. Gulu ngati lanulo ku Kasungu likufunika, ndipo ndikufuna lidzuke.

Koma msonkhano waukulu uja muuimike kaye. Komiti, malamulo ndi makalata opempha ndalama zili ndi nthawi yake, ndipo nthawiyo sinakwane. Mukaitanitsa chisankho lero, holo idzadzaza ndi anthu amene amva mphekesera yoti kukubwera bungwe, ndipo funso loyamba lidzakhala la alawansi ndi ndalama yoyendera. Mudzasankha wapampando, wachiwiri wake, mlembi ndi msungichuma, ambiri mwa iwo anthu odziwa kuyankhula pagulu koma oti sanagwirepo fulashi yoikira Linux. Mwezi wotsatira aliyense adzadikira kuti wapampando aitane anthu, wapampando naye adzakhala akudikira yankho la mabungwe, ndipo gulu lidzaziralanso anthu atagwa ulesi kachiwiri. Zikatero, kuwaitana kachitatu kudzakhala kovuta kwambiri kuposa lero.

Anthu a mtundu wanu amasonkhana pakakhala ntchito yogwira ndi manja, ndipo panopa ntchitoyo ilipo yambiri. Pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows 10. Pali njira yowonjezerako kanthawi, koma ndi yongozengereza chabe. Windows 11 imafuna makina okhala ndi kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0 ndi purosesa ya zaka zaposachedwa, pamene makompyuta ambiri amene ali m'masukulu mwathu, m'maofesi a mipingo, m'mashopu otayipira makalata ndi m'makalabu a alimi anabwera atagwira kale ntchito kunja. Makinawa sadzazima tsiku limodzi ayi, koma ma update a chitetezo sakubweranso, ndipo fulashi iliyonse yochokera kumsika ndi chiopsezo. Kugula atsopano ndi nkhani ina: kuyambira pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa laputopu unathawa m'manja mwa mphunzitsi. Ndiye uthenga wanu woyamba usakhale woti "tiyeni tidzutse gulu lathu". Ukhale woti "amene ali ndi kompyuta yakale yochedwa abwere nayo tsiku lakuti, malo akuti, tidzaione limodzi, kwaulere".

Tsiku limenelo lidzayenda chonchi. Mayi wina abwera ndi laputopu ya Core i3 ya RAM ya 4GB, batire inafa kalekale, fani ikulira, ndipo kuti Word itseguke amayamba waika madzi pamoto. Musathamangire kufomata. Choyamba mukhale nawo pansi, mukopere zithunzi, makalata ndi ma CV awo onse pa hadi disiki ina, iwo akuona ndi maso awo kuti zonse zalowa. Kenako mulowetse fulashi, muyatse makina mukudina F12 kapena batani lina lotsegulira boot menu (posankhira pamene makina ayambire), ndipo Linux iyende kuchokera pa fulashi pomwepo osakhudza kalikonse m'kati. Apo muyese WiFi, mawu, kamera, ndipo ngati ali ndi purinta abwere nayo muiyese tsiku lomwelo. Muwapatse mbewa ya kompyuta (mouse) ayendetse okha, atsegule kalata yawo imodzi aione. Akagwedeza mutu kuvomera, ndiye muike. Pa makina otere ine ndimakonda mtundu wa Linux wotchedwa Linux Mint ya Xfce, chifukwa maonekedwe ake sasokoneza munthu wozolowera Windows ndipo imatha kuyenda ngakhale pa RAM ya 2GB, ngakhale kuti pa 4GB ndi pamene imapuma bwino. Mukakumana ndi makina akale kwambiri a 32-bit, dziwani kuti Ubuntu (mtundu wina wa Linux) ndi Mint yaikulu anawasiya. Yesani antiX kapena Debian 12.

Apa ndi pamene phindu la kukhala pagulu limaonekera kwa ife a kuno. Linux Mint imodzi imalemera pafupifupi 3GB, Ubuntu yatsopano pafupifupi kawiri kuposa apo, ndipo aliyense akamatsitsa payekha ndi bandulo yake ambiri adzalekera panjira. Mmodzi atsitse, enanu mukopere. Pali kapulogalamu kotchedwa Ventoy kamene kamalola kuti fulashi imodzi inyamule mitundu ingapo ya Linux nthawi imodzi. Mukhale ndi mafulashi awiri otere a gulu. Ndipo kukopera kumeneku si kuba. Kuyambira pamene Richard Stallman anayamba ntchito ya GNU yopanga mapulogalamu aufulu mu 1983, ndi pamene Linus Torvalds anatulutsa Linux mu 1991 ali wophunzira ku Helsinki, chilolezo cha mapulogalamuwa chimanena poyera kuti munthu akhoza kukopera, kusintha ndi kugawira anzake. Muwauze zimenezi ahedi ndi abusa, chifukwa ambiri sadziwa kuti Windows ndi Office zimene anaikiridwa kumsika ndi zakuba.

Za tsiku ndi malo, sankhani kamodzi n'kukhazikika pomwepo, mwina kamodzi pamwezi, maola awiri kapena atatu. Musanakhomere pa Loweruka, funsani ngati pakati panu pali a Seventh Day, chifukwa magulu ena amataya anthu aluso pa chifukwa chokhachi osazindikira. Malo akhale oti munthu woyenda pansi kapena pa kabaza afikapo mosavuta, okhala ndi masoketi okwanira, ndipo ngati pali sola ndi bwino kwambiri, poti magetsi akathima muli pakati poika Linux tsiku latha. Kumbukiraninso kalendala ya kwathu. Mvula ikagwa anthu ali kumunda, ndipo nyengo yosankha fodya ndi kupita naye ku Chinkhoma ikafika ena simudzawaona. Miyezi imeneyo mudzapezeka atatu m'chipinda. Kumanani atatu omwewo, mukonze kompyuta imodzi, muijambule, mutumizire anzanu. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo: atatu obwera ndiwo gulu, mayina a pafoni aja ndi oyembekezera chabe. Chimene chimabwezera anthu chikhulupiriro ndi kudziwa kuti tsiku lija likakwana, chitseko chimakhala chotsegula ngakhale popanda wowakumbutsa.

Poitana anthu akale, musadalire uthenga umodzi woponya pagulu, poti aliyense amaganiza kuti ayankha mnzake. Imbirani mmodzimmodzi, kapena apezeni pa benchi pawo kumsika. Funsani kaye chimene chinawaleketsa, ndipo mumve bwino yankho, chifukwa mwina si Covid yokha. Mwina wina ananyozedwa atafunsa funso, mwina wina anasonkha ndalama zimene sanamve mathero ake. Kenako mupemphe kanthu kakang'ono kodziwika: uyu abwere ndi ekisitenshoni, uyu masikuludiraiva, uyu adzaonetse kwa mphindi khumi mmene amachotsera fumbi m'fani ya laputopu. Munthu wopatsidwa chochita amabwera.

Tsopano za mkulu wa ku Lilongwe uja. Musawalembere pagulu, ndipo musayambe ndi nkhani ya pulojekita. Aimbireni foni, kapena mukapita ku Lilongwe mukawaone, muwathokoze pa zimene anayambitsa, muwauze zimene mukufuna kuchita ndipo mupemphe nzeru zawo. Nthawi zambiri munthu wotere si woumira mpando ayi. Anatopa, ntchito ndi banja zinamuchulukira, ndipo mumtima amadziimba mlandu kuti gulu linafera m'manja mwake. Akamva kuti wina akufuna kusenza katunduyo amapepukidwa. Nkhani ikafika pabwino mupemphe kuti akuwonjezereni inu ndi munthu wina mmodzi pa u-admin iwo asanachoke, akupatseni mapasiwedi a imelo kapena tsamba la Facebook ngati zinalipo, ndipo muwerengere limodzi katundu wa gulu. Pulojekita idzatulukira yokha pamndandanda umenewo. Muwaitane tsiku lina adzayankhule monga woyambitsa, dzina lawo lizitchulidwa. Akakana kapena akangokhala chete, musakangane nawo ndipo musawanene kumbali. Yambani ndi zimene muli nazo, ngakhale dzina la gulu lisinthe pang'ono. Laputopu imodzi pa tebulo, anthu asanu ataizungulira, imaphunzitsa bwinobwino popanda pulojekita.

Ndipo inu musadzakhale mkulu wa ku Lilongwe wachiwiri. Aphunzitsi amasamutsidwa, mukudziwa nokha. Kuyambira tsiku loyamba, chilichonse chotsegulira, kaya kiyi wa chipinda, kaya pasiwedi, kaya nambala ya mlonda, chikhale m'manja mwa anthu atatu. Mugule hadikava imodzi yolembamo amene abwera, makina amene akonzedwa, vuto limene linapezeka ndi mmene munalithetsera, ndalama zimene zalowa ndi zimene zatuluka. Mwezi uno atsogolere uyu, mwezi wamawa wina, ngakhale achite mwachibwibwi.

Pali chinthu chimene chimaipitsa mbiri ya Linux kuposa china chilichonse, ndipo ndikufuna muchisamale kwambiri: kuika n'kuthawa. Mlembi wa pa ofesi ya mpingo waikiridwa Linux Loweruka, Lolemba purinta yakana, kalata imene watumiza kwa abusa yatseguka mizere itasokonekera, ndipo amene anamuikira foni sakuyankha. Lachitatu abwerera kumsika kukaikitsa Windows yakuba, ndipo kwa zaka zambiri adzauza aliyense kuti Linux ndi yachabe. Choncho musaike pa makina ambiri kuposa amene mungathe kuwayendera. Aliyense woikiridwa achoke ndi kapepala kolembapo pasiwedi yake, nambala za anthu awiri a m'gulu ndi tsiku la kukumana kotsatira. Musanamulole kupita, muonetseni mmene angasungire kalata ya LibreOffice (pulogalamu yogwira ntchito ngati Office) ngati .docx potumizira anthu a Word, kapena ngati PDF pamene sakufuna kuti isinthike. Muikiretu mafonti a Carlito ndi Caladea, amene kukula kwa zilembo zake kumafanana ndi Calibri ndi Cambria, kuti masamba asamadumphe. Mapurinta a HP ambiri amagwira mosavuta kudzera mu pulogalamu ya HPLIP, koma ena otchipa a makampani ena amafuna kuwasakira driver (kapulogalamu kowayendetsera), n'chifukwa chake ndati ayesedwe kaye.

Muzinenanso zoona pamene Linux si yankho. Mnyamata amene amadya chifukwa chopanga makhadi a ukwati ndi ma banner pa CorelDRAW kapena Photoshop musamufufutire makina ake. Inkscape ndi GIMP zilipo, zimayendanso pa Windows, aziyese pang'onopang'ono ntchito yake ikuyenda. Inunso aphunzitsi, makompyuta a labu ndi katundu wa sukulu: pezani chilolezo cholembedwa kwa ahedi, yang'anani bwino zimene silabasi ndi mayeso a MANEB akufuna kuti ana agwiritse ntchito, ndipo ngati pali chikaiko siyani Windows pomwepo muike Linux pambali pake, kapena yambani ndi makina amene anaunjikidwa kusitolo kuti ndi akufa. Ambiri mwa amenewo amangofuna kupukuta RAM kapena kusintha hadi disiki.

Anyamata a kumsika aja muwaganizire mwapadera, chifukwa ena adzaona ngati mukuwaphera bizinesi. Kuika Windows ndi kuchotsa mavairasi ndiye ndiwo zawo. Muwauze poyera kuti tsiku la gulu ndi laulere, koma masiku ena onse ali ndi ufulu wolipiritsa ntchito yoika ndi kukonza Linux pa benchi pawo, ndipo chilolezo cha mapulogalamuwa sichiletsa zimenezo. Anthu amene gulu silingathe kuwayendera muziwatumiza kwa iwo. Akaona kuti luso latsopanoli likubweretsa makasitomala, adzakhala oyamba kufika, ndipo pankhani ya kutsegula makina amakuposani nonse.

Musalole kuti gulu likhale la okhawo okhala ndi malaputopu, poti ku Kasungu amenewo ndi ochepa. Foni ya Android imene ili m'thumba mwa aliyense imayendera Linux pansi pake. Ndi foni yokhayo munthu akhoza kuika mijigo, masukulu, zigayo ndi misewu ya m'mudzi mwake pa OpenStreetMap, mapu amene amalembedwa ndi anthu ongodzipereka kuyambira mu 2004, ndipo amathandiza ogwira ntchito zachithandizo pakagwa ngozi ngati kusefukira kwa madzi. Tsegulani mapuwo muone dera la kwanu ku Chulu kapena ku Nkhamenya mmene likuonekera, mudzapeza chochita. Wodziwa Chichewa bwino akhoza kulemba pa Wikipedia ya Chichewa, imene mpaka pano ndi yaing'ono kwambiri. Pasukulu yopanda intaneti, kompyuta imodzi yokhala ndi Kiwix imapereka Wikipedia yonse popanda bandulo, ndipo Kolibri imachita chimodzimodzi ndi maphunziro. William Kamkwamba wa ku Wimbe anapanga makina amphepo opangira magetsi atawerenga mabuku a mulaibulale yaing'ono. Ana a mtima wotero m'boma lathu alipobe, ndipo akusowa malo oti akafunse funso osasekedwa. Odziwa kwambiri muwadzudzule akayamba kudzionetsera ndi terminal (potayipira malamulo a kompyuta) pamaso pa mlendo. Atsikana kuti abwere ndi kupitiriza, pakhale mphunzitsi wamkazi, makolo adziwe kumene ali, ndipo muziweruka dzuwa likadalipo.

Achinyamata adzakufunsani kuti zimenezi zimadyetsa kodi. Kalaliki wa kuchipatala uja awayankhe. DHIS2, imene Unduna wa Zaumoyo umasonkhanitsira malipoti a zipatala, ndi pulogalamu ya open source yochokera ku University of Oslo. Bungwe la Baobab Health Trust linapanga makina olembera odwala m'zipatala za m'dziko muno pogwiritsa ntchito mapulogalamu a mtundu womwewu, ndipo ambiri mwa opanga ake anali Amalawi. Maseva (makompyuta osunga masamba) ambiri a pa intaneti amayendera Linux. Mwana wodziwa kuisamalira ali ndi luso logulitsika.

Ndalama zoyambira ndi zochepa: mafulashi, hadi disiki imodzi yosungira zinthu za anthu, bandulo, mwina ndi zakumwa. Sonkhani nokha pa Airtel Money kapena Mpamba, ndipo mwezi uliwonse muwerenge poyera zimene zalowa ndi zimene zatuluka. Msonkhano waukulu umene mukuulakalaka uja muuike pa Software Freedom Day, tsiku limene magulu ngati lanu amakumbukira padziko lonse Loweruka lachitatu la Seputembala. Pofika nthawi imeneyo hadikava ija idzakhala itaonetsa amene amabwera mvula ikugwa, ndipo komiti idzachokere mwa amenewo. Kalata yopita ku bungwe, kapena kwa anzanu a ku mHub (malo a zaukadaulo) ku Lilongwe ndi ophunzira a ku Mzuni ndi MUBAS, idzalemera mukadzalembamo makina amene mwadzutsa ndi masukulu amene akuwagwiritsa ntchito.

FUNSO

Bambo, laputopu yanga anandiikira Ubuntu mchimwene wanga cha m'ma 2020 asanapite ku Johannesburg. Ikuyenda bwino, koma ikumalemba uthenga woti ndiikweze, ndipo ndikuopa kutaya zinthu zanga ndi kutha bandulo. Ndingoisiya choncho?

Mayi wa bizinesi, Santhe

YANKHO

Mayi, tsegulani Settings, mupite pa About, muone nambala imene yalembedwa pafupi ndi dzina la Ubuntu. Ngati ndi 20.04, zaka zake zisanu zosamalidwa mwachizolowezi zinatha mu 2025, ndipo ngati ndi 18.04 zinatha mu 2023. Ngati mumalowa nayo kubanki kapena kutumiza nayo makalata a bizinesi, musaisiye choncho. Koma musadine batani lokweza lija muli pa bandulo ya foni, chifukwa netiweki ikaduka kapena magetsi akathima pakati, makina akhoza kukana kuyaka. Njira yabwino ndi kukopera kaye foda yanu yonse ya Home pa fulashi yaikulu kapena hadi disiki, kutsegula mafayilo angapo pa kompyuta ina kuti mutsimikize kuti alowadi, kenako kuika mwatsopano kuchokera pa fulashi. Ubuntu 24.04 ndi Linux Mint 22 zonse zidzasamalidwa mpaka 2029. Ngati RAM yanu ndi 4GB kapena kuchepera apo, sankhani Mint ya Xfce. Lembani papepala mapasiwedi a imelo ndi Facebook musanayambe, poti ambiri amakhala anasungidwa mu Firefox ndipo mwini wake anaiwala. Ngati simukudzidalira kuchita nokha, pitani nayo pa boma kwa wokonza makompyuta amene anaikapo Linux, mutenge chaja, ndipo musachoke mpaka mutaona mafayilo anu atabwerera ndi WiFi ikugwira.